Mbiri ya Chintheche sinayambire pa manda a amishoni

Mlendo akafika ku Chintheche n'kufunsa kumene kuli malo akale, ambiri timamulozera ku Bandawe. Kumeneko amakaona tchalitchi chakale cha njerwa ndi manda a amishoni a ku Scotland, omwe anasamukira kuno mu 1881 motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, malungo atawazunza ku Cape Maclear. Malowa ndi oyenera ulemu wonse. Chondipweteka n'chakuti ulendo wa mlendoyo umathera pomwepo, ngati kuti gombe lino linalibe mbiri sitima ya amishoni isanakocheze.

Chikhalirecho amishoniwo anapeza anthu amene anali atangodziombola okha. M'zaka za m'ma 1870, Atonga ambiri omwe ankakhala pansi pa Angoni a M'mbelwa anathawa kumtunda n'kubwerera kunyanja. Angoni anawalondola, ndipo pa mtsinje wa Chintheche panauluka mikondo mpaka anthu a mfumu Mankhambira anapambana. Nthawi imeneyo anthu ankakhala mothithikana m'malinga, monga la Mankhambira ndi la mfumu Marenga, kuopa adani. Mafumu polandira amishoni ankadziwa chimene akuchita: ankafuna abwenzi pa nthawi ya nkhondo, komanso sukulu za ana awo. Nanga lero ndi ana asukulu angati a ku Chintheche, Kande kapena Mpamba amene angakulozereni pamene panali linga, kapena dooko limene makolo awo anamenyerapo nkhondo?

Dera lomweli linabala anthu amene anagwedeza maiko. Clements Kadalie anabadwira m'mudzi wa Chifira, pafupi ndi Bandawe, mu 1896. Mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town, lomwe pofika 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000. Elliot Kamwana anabatiza anthu oposa 9,000 m'dera lino pakati pa 1908 ndi 1909, boma la atsamunda lisanamuthamangitse. Yesaya Zerenji Mwasi, mmodzi mwa abusa atatu oyamba achikuda a mishoni ya Livingstonia omwe anadzozedwa mu 1914, anadzapatuka mu 1933 n'kuyamba mpingo woyendetsedwa ndi anthu akuda. Za Kadalie ku South Africa amazilemba m'mabuku. Ife eni mudzi wake tiyenera kuchita kuposa pamenepo, pakuti nthaka imene anapondapo ili kwathu.

Mbiri ina, yakale kuposa iyi, ili pansi penipeni. Mayi akamaunga mizere ya chinangwa, nthawi zina khasu limatukula phale la mbiya, lakuda mbali imodzi ndi mwaye, m'mlomo mwake muli timizere tocheka mopingasa. Amalitola, n'kuliponya kumalire a munda pamodzi ndi miyala. Komatu timizere timeneto ndi siginecha ya woumba. Akatswiri ofukula zakale amasiyanitsa mibadwo ya anthu poyang'ana kaumbidwe ndi kakongoletsedwe ka mbiya, monga zija zotchedwa za Nkope kumwera kwa nyanja. Makala opezeka pambali pa phalelo ndiwo amayezedwa kuti adziwe zaka. Choncho chinthu chakale chimalankhula chikapezeka pamalo pake, m'dothi lake, pamodzi ndi zinzake. Chikachotsedwa n'kukagulitsidwa kwa mlendo pagombe, chimasanduka chokongoletsa pashelefu, umboni wake watha.

Kumpoto kuno taona kale zimene dothi losasokonezedwa lingaulule. Ku Uraha m'boma la Karonga, mu 1991 kunapezeka chibwano cha munthu wakale cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Pansi pa thanthwe la phiri la Hora ku Mzimba anafukula mafupa a makanda omwe anaikidwa m'manda zaka zoposa 14,000 zapitazo. Ngati anthu ankakhala ku Hora ndi ku Karonga kalekale chotero, gombe la madzi abwino ndi nsomba zambiri ngati lathuli silikanakhala lopanda anthu.

Vuto n'lakuti nthawi sikutidikira. Malo a m'mphepete mwa nyanja akugulidwa, ndipo maziko a malo ogona alendo akukumbidwa pomwe kale panali midzi. Mchenga ukutapidwa, dothi likuumbidwa njerwa. Nyanja nayo ili ndi mphamvu zake: mu 2024 madzi anakwera kwambiri n'kumiza magombe ndi nyumba m'madera ambiri. Koma chotayika msanga kuposa zonse ndi agogo amene anamva nkhani za malinga kuchokera kwa agogo awo. Maliro aliwonse a munthu wotere amapita ndi maina a malo, mibadwo ya mabanja ndi malire a manda akale.

Masiku ano Africa ikufuula kuti zinthu zake zimene zinatengedwa zibwezedwe. Dziko la Zambia lakhala likupempha chigaza cha munthu wakale chomwe chinapezeka ku Kabwe mu 1921, chimene chili ku London mpaka lero. Mu 2022 dziko la Germany linayamba kubweza ku Nigeria ziboliboli za mkuwa za ufumu wa Benin. Mfuu imeneyi ndi yolungama ndipo ndimaigwirizana nayo. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tidzalandira bwanji zochokera kutali ngati zimene zili m'minda mwathu tikuziponya kumalire?

Wina anena kuti munthu sadya mbiri. Chofunika ndi kondowole pambale, usipa pathandala ndi fizi ya mwana. N'zoona, ndipo malo ogona alendo amalemba ntchito achinyamata athu ambiri. Sindikunena kuti chitukuko chiime. Ndikunena kuti asanakumbe maziko pamalo odziwika kuti panali mudzi wakale kapena manda, ayambe aitana odziwa adzaone ndi kulemba. Lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale lilipo kale m'dziko muno, ndipo nthambi ya boma yoyang'anira zimenezi iliponso. Ndiponso mbiri yosamalidwa imabweretsa ndalama. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004, imaimitsa apaulendo amene akanangodutsa. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006 chifukwa panali anthu amene anaziwerenga ndi kuzilemba, malo 127. Mlendo wobwera kudzasambira ku Kande angathe kugona usiku wina ngati pali mnyamata wodziwa kumuyendetsa kuchokera ku Bandawe, kudzera ku Chifira, mpaka pa mtsinje wa Chintheche.

Komabe alendo asakhale chifukwa choyamba. Mwana amene waimirira pamalo pamene makolo ake anakana ukapolo amadziona mwa mtundu wina. Malipenga ndi chilimika tikuvinabe, ndipo n'zonyaditsa, koma gule amafuna bwalo, ndipo mbiri imafuna malo oilozera.

Ntchito yoyamba sifuna ndalama zambiri. Mafumu athu, kuyambira ku Usisya mpaka ku Kande, akhale pansi ndi akuluakulu a m'midzi n'kutchula malo onse akale, ndipo malowo asagawidwe kapena kugulitsidwa mwachisawawa. Aphunzitsi atume ophunzira kukajambula mawu a agogo pa foni, m'Chitonga momwe, n'kuwalemba m'makope osungidwa pasukulu. Mipingo isamale mabuku ake akale a ubatizo chiswe chisanawadye. Ndipo inu amene khasu lanu latukula phale, mkanda kapena chitsulo chachilendo, musagulitse ndipo musataye. Ikani chizindikiro pamalopo, mukauze amfumu.