Musamuwerengere miyezi mayi wothamanga

Mu November 2007, Paula Radcliffe wa ku Britain adapambana marathon ya mumzinda wa New York, mtunda wa makilomita 42.195, m'maola awiri ndi mphindi 23. Mwana wake woyamba anali asanakwanitse miyezi khumi. Chithunzi chake atanyamula khandalo pamzere womalizira chidafala ponseponse, ndipo mpaka lero anthu amachitchula pofuna kulimbikitsa amayi. Satchula kawirikawiri kuti chaka chomwecho, atafulumira kubwerera pamsewu, fupa la m'munsi mwa msana wake lidang'aluka, nakhala masabata ambiri osathamanga.

Ndimamulemekeza mayi ameneyu, koma zimandidetsa nkhawa kuti tasandutsa miyezi kukhala muyeso. Mayi akathamanga, timayamba ndi kufunsa kuti mwana ali ndi miyezi ingati, ndipo miyeziyo ikachepa m'pamene m'manja mumalira kwambiri.

Thupi lili ndi nthawi yake. Minofu ya pansi pa chiuno, imene imagwira chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo, imakhala itasenza katundu miyezi isanu ndi inayi, kenaka n'kutamuka kapena kung'ambika pobereka. Minofu ya pamimba imapatukana pakati. Amene wachira ndi opaleshoni ali ndi bala lodutsa khungu mpaka chiberekero. Woyamwitsa naye thupi lake limatapa kashiamu m'mafupa kuti lipange mkaka. Pamwamba pa zonsezi, phazi likamenya pansi pothamanga, mwendo umalandira mphamvu yoposa kawiri kulemera kwa munthuyo, ndipo pa marathon zimenezi zimachitika kambirimbiri. N'chifukwa chake mu 2019 akatswiri atatu a mafizo, Tom Goom, Gráinne Donnelly ndi Emma Brockwell, adalangiza kuti mayi asayambe kuthamanga pasanathe masabata 12, ndipo ayambe ndi kuyenda ndi kulimbitsa chiuno. Mkodzo ukamadontha pothamanga, kapena kumunsi kukamalemera, apite kuchipatala. Ambiri amabisa zimenezi chifukwa cha manyazi, n'kumapirira vuto loti likadatha ndi mafizo.

Nanga changu chimachokera kuti? Nthawi zambiri si kwa mayiyo. Kara Goucher wa ku America adabereka mu September 2010, ndipo pofika April 2011 anali pa marathon ya Boston, kumene adakhala wachisanu. Mu 2019 adaulula kuti kampani ya Nike idasiya kumulipira kufikira atayambanso kupikisana, ndi kuti chiuno chakhala chikumuvuta kuyambira pamenepo. Alysia Montaño ndi Allyson Felix adayankhulanso chaka chomwecho, ndipo kampaniyo idasintha makontrakiti kuti mayi asadulidwe malipiro kwa miyezi 18. Sophie Power, wothamanga mongokonda, adajambulidwa mu 2018 akuyamwitsa khanda la miyezi itatu pakati pa mpikisano wozungulira phiri la Mont Blanc. Anthu adati n'kulimba mtima, ndipo n'zoona. Koma malamulo a nthawiyo sankalola mayi woyembekezera kusungitsa malo ake mpaka chaka china. Kudikira kukadatanthauza kutaya mwayi umene adauvutikira.

Amene amanditsimikizira kuti kudekha sikutha liwiro ndi Mary Keitany wa ku Kenya. Adabereka mwana wachiwiri mu 2013, chaka chonsecho osapikisana. Adabwera kudzapambana ku New York mu 2014, 2015 ndi 2016, kenaka mu 2017 ku London adathamanga 2:17:01, nthawi imene panalibe mkazi adaifikapo pampikisano wa akazi okhaokha. Anali ndi zaka 35.

Wina anganene kuti mayi ndi mwini thupi lake, athamange tsiku limene wafuna. Ndikuvomereza ndi mtima wonse, ndipo ndikudziwa kuti kwa ena ola limodzi pamsewu ndi lokhalo limene amapumirako maganizo. Koma kusankha kumafuna kuti njira zonse ziwiri zikhale zotseguka. Kukonzekera marathon kumatenga miyezi pafupifupi inayi, ndipo chakumapeto munthu amathamanga makilomita 30 kapena kuposerapo ulendo umodzi, maola atatu ali kunja, mwina usiku wake atadzuka kangapo kuyamwitsa. Maola amenewo payenera kukhala bambo, agogo kapena mlezi wogwira mwana, ndi mkaka wokama kale. Okonza mipikisano nawo asunge malo a mayi kwa zaka zingapo popanda kumulipiritsanso, ndipo aike mahema oyamwitsira ndi okamira mkaka poyambira ndi pomalizira.