Mwana wanga sakudwala, madonthowa ngachiyani?

Anthu a katemera akatulukira ndi bokosi lawo lozizira, pamakhala makomo ena pamene mayi amakankhira ana kuseri kwa nkhokwe. Ukamufunsa amayankha mosabisa: "Mwanayu ndi wanga, akudya, akusewera. Mwamudonthezera kale kangapo. Lero mukufunanso chiyani?" Mayi ameneyu si wopusa, ndipo ayenera kuyankhidwa. Funso lake labisa linzake lalikulu: kodi pa thupi la mwana mawu a kholo ndiwo omaliza, kapena mudzi nawo uli ndi chonena?

Tiyambe ndi khalidwe la matendawo. Kachilombo ka poliyo kamatuluka m'chimbudzi cha munthu amene ali nako, n'kulowa m'kamwa mwa wina kudzera m'manja, m'madzi kapena m'chakudya. Mwa ana 200 amene akatenga, pafupifupi mmodzi ndiye amapuwala moyo wake wonse, kawirikawiri mwendo. Ambiri mwa otsalawo saonetsa chizindikiro chilichonse, koma amakhala akumwaza kachilomboko kwa milungu ingapo. Choncho mayi uja akhoza kunena zoona kuti mwana wake ali bwino, pamene mwana yemweyo wanyamula chokapuwalitsa khanda la pakhomo lina. Ndipo mwendo ukafota ndi poliyo, mankhwala oubweza kulibe.

Mu 1988, pamene maiko anapangana zothetsa matendawa, poliyo ankapuwalitsa ana pafupifupi 350,000 pa chaka m'maiko 125. Katemera anakapanikiza kachilombo koyambirira kaja mpaka kanatsala ku Pakistan ndi ku Afghanistan kokha, ndipo mu 2020 Africa analengezedwa kuti wathana nako. Koma mu February 2022 Malawi analengeza kuti kapezeka mwa mtsikana wa zaka 3 ku Lilongwe, ndipo ataunika anaona kuti ndi mbewu ya ku Pakistan. Mu May chaka chomwecho kanapezeka ku Changara, m'chigawo cha Tete, koyamba m'dziko muno chichokere 1992. Pofika kumapeto a chaka, ana 8 a ku Tete anali atapuwala.

Chinthu chimene chinaoloka nyanja yamchere chingaope mlatho wa pa Muloza? Ife a ku Milange timaoloka malirewa tsiku ndi tsiku, popita ku msika wa ku Limbuli, kuchigayo, kumaliro, kukaona apongozi, mwana ali kumsana. N'chifukwa chake kuyambira mu March 2022 katemera anayenda khomo ndi khomo ku Malawi, ku Mozambique, ku Tanzania ndi ku Zambia, mobwerezabwereza, mpaka mu May 2024 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti mliriwo watha. Kubwereza kumene kunatopetsa makolo ndiko kunautseka, pakuti madontho a ulendo umodzi sateteza mwana aliyense mokwanira.

Pali mawu ena amene amanong'onedwa kuchitsime, akuti madonthowo ndi amene amabweretsa matenda. Apa tisanamizane. M'madonthomo muli kachilombo kofooketsedwa, kamene kamaphunzitsa thupi kudziteteza kenaka n'kutuluka m'chimbudzi. M'mudzi mmene ana ambiri analandira katemera, kamasowa polowera n'kutha. Koma kumene ana ambiri sanalandire, kamatha kuyenda kuchoka kwa mwana wina kupita kwa wina kwa miyezi yambiri mpaka kupezanso mphamvu. Zotere zinachitika pafupi pompano mu 2018, ku Molumbo, dera limene kale linali mbali ya boma la Milange: mtsikana wa zaka 6 amene sanalandirepo katemera anapuwala. Nyumba yofolera mbali imodzi imanyowetsa wogona kosafolerako. Wobisa mwana wake poopa ngoziyi ndiye akuikulitsa.

Ena amadandaula kuti: bwanji amatithamangira ndi za poliyo amene sitikumuona, pamene malungo akutitha ndipo chipatala chili kutali? Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo tilinene molimba pa misonkhano ya mafumu ndi pamaso pa akuluakulu a zaumoyo. Koma wotsekera khomo katemera salanga boma. Chilangocho chimagwera mwana amene sadziwa n'komwe za mkanganowo. Tikumbukirenso kuti poliyo alibe pobisala pena koma mwa munthu, ndiye angathe kutheratu monga inathera nthomba mu 1980. Agogo athu ali ndi chipsera cha katemera wa nthomba pa mkono, ndipo chifukwa cha chipsera chawocho adzukulu sakuidziwa nthombayo.

Nanga mayi uja timuyankhe chiyani? Ali ndi ufulu wofunsa, ndiponso woyankhidwa mwaulemu m'chilankhulo chake. Wobwera ndi katemera akafika ndi ukali kapena kuopseza, akudzala mantha amene adzatseketse makomo khumi ulendo wotsatira. Koma ufulu wa kholo sufika pakuti aike pachiswe mwendo wa mwana wa mnzake. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Timakonda kuunena mwambiwu pogawira ana nsima. Pa nkhani ya poliyo ukutiuza kuti thanzi la mwana wa kutsidya kwa Muloza lili m'manja mwako, ndipo la wako lili m'manja mwa mayi amene sunamuonepo.

Madontho ndi awiri, ndipo inki ya pa kachala imafufutika pakapita masiku. Akadzabweranso a bokosi lozizira, afunseni zonse zimene zili kukhosi, mumve mayankho, kenaka muitane ana atuluke kuseri kwa nkhokwe.