Chitsulo chakhoza mayeso, nanga msana?

Munthu akathyoka msana, kapena TB ikadya mafupa a msana, madokotala amatha kuwamangirira ndi tindodo tachitsulo ndi masikuluwu. Zitsulozi zimayamba zayesedwa zisanalowe m'thupi. Funso langa nali: kodi chitsulo chikakhoza mayeso, nkoyenera kuuza wodwala kuti "musadandaule, nchoyesedwa"?

Taonani mmene amayesera. Mwa njira ina yotchuka ya ku America, ASTM F1717, amamanga zitsulozo pa zidutswa ziwiri za pulasitiki, pakati nkusiya mpata ngati kuti fupa limodzi lachotsedwa. Kenaka makina amapsinja nkusiya, kupsinja nkusiya, mpaka ka 5 miliyoni. Akamapsinja kasanu pa sekondi, m'masiku 12 ntchito yatha. Chikapanda kuthyoka, basi chakhoza.

Komatu pulasitiki sadwala, abale. Sachita mafinya, sakalamba. Makinawo sadziwa thumba la mpunga pamutu pa mayi wa ku Kaporo, kaya msana wa msodzi wa ku Ngara amene wachezera kupalasa bwato. Mayesowo amangotiuza kuti chitsulo ichi ncholimba kuposa icho. Ndodo za Dr Paul Harrington wa ku Houston, zomwe zidafala m'ma 1960, zidawongola misana yambiri yopindika. Koma patapita zaka ena mwa odwalawo adayamba kuyenda chowerama, poti ndodozo zidawongolanso kunsi kwa msana kumene chilengedwe chidafuna kukhale kokhota. Chitsulo chikhoza kukhala chamoyo, munthu ali pa ululu.

Ife a ku Karonga phunziroli tidalionera pakhomo, ngakhale silinali la zitsulo. Katemera wa BCG adateteza bwino achinyamata ku TB ku Britain m'ma 1950. Koma kafukufuku wa ku Chilumba, wa anthu oposa 120,000, adapeza mu 1996 kuti kubaya BCG kachiwiri kumachepetsa khate ndi theka, pomwe TB ya m'mapapo osaigwedeza. Choonadi cha kwina sichidafike kuno chathunthu, ndipo tidadziwa chifukwa anthu adatsatiridwa m'midzi mwawo zaka ndi zaka.

Sindikuti mayeso ngachabe ayi. Kuyesera chitsulo pa pulasitiki nchifundo, chifukwa chikathyokera m'makina palibe wolira. Chimene ndikukana nkutenga theka la umboni nkuligulitsa ngati lonse. Wodwala amene wayenda makilomita oposa 500 kukachitidwa opaleshoni ku Lilongwe ayenera kumva zoona: chitsulochi chidayesedwa kulimba kwake, koma sichidayesedwe pa moyo wanu. Afunsidwe ntchito imene amagwira, auzidwe zimene sayenera kusenza, ndipo akabwerera kumudzi wina azimuona ndi kulemba zotsatira.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Wopanga chitsulo ndi wochiika m'thupi ali ndi ngongole kwa wodwala, ndipo masiku 12 a makina sangaibweze. Imabwezedwa pomutsata munthuyo zaka zonse zimene achisenze.