Kufanana kwa Anthu ndi Kafukufuku wa Matenda a Sepsis

Chikhristu ndi Chisilamu zimaphunzitsa kuti anthu onse analengedwa ndi Mulungu mmodzi, ndipo moyo wa wina suposa wa mnzake, koma funso limene latsala ndi lakuti kodi kufananaku kumatanthauza kuti chithandizo chimene chayesedwa ku London chiyenera kuperekedwa chimodzimodzi kwa wodwala wa ku Chidzolomondo m'boma la Macanga. Funsoli limaoneka bwino pa matenda a sepsis, amene amayamba pamene chitetezo cha m'thupi, polimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, chifika powononga impso, mapapo ndi ziwalo zina za mwini thupiyo, ndipo akatswiri amayerekeza kuti mu 2017 matendawa anapha anthu pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse.

Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti wodwala wotere apatsidwe madzi ambiri a dilipi mofulumira, koma kafukufuku wa FEAST, amene anachitika ku Uganda, Kenya ndi Tanzania nafalitsidwa mu 2011, anapeza kuti ana amene analandira madzi motere anamwalira ambiri kuposa anzawo. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2017 anapeza zotsatira zofanana mwa akuluakulu pa University Teaching Hospital ku Lusaka, kumene odwala ambiri anali ndi HIV ndipo malo osamalira odwala mwakayakaya anali ochepa. Ku Blantyre, kupima magazi kumene kwachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth kuyambira mu 1998 kwaonetsa kuti tizilombo tambiri tasiya kumva mankhwala odziwika.

Zimenezi zikuphunzitsa kuti anthu amafanana ulemerero, koma matupi amene afooka ndi malungo, chifuwa chachikulu kapena kuperewera kwa zakudya amayankha mosiyana, kotero kuti chifundo chopanda chidziwitso cha malo chikhoza kupha munthu amene chimafuna kumupulumutsa. Motero chilungamo chimafuna kuti ofufuza a m'malabotale ayike patsogolo zipangizo zotsika mtengo zozindikirira kachilombo msanga pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, ndiponso kufufuza mmene chitetezo cha m'thupi chimasokonekera mwa anthu a ku Macanga ndi Tsangano enieniwo, pakuti kuvomereza kuti moyo wawo ndi wopatulika kumakakamiza ofufuza kuphunzira matenda awo mwakhama lomwe amaphunzirira matenda a anthu olemera.