Kodi Cangu ca pa Mulungu Cili ndi Malire?

Ikafika mbiri yakuti anthu aphedwa m'dzina la Mulungu, ambiri a ife Akristu tifulumira kunena kuti, "Amenewo ndi Asilamu, cipembedzo cao ndi ca lupanga." Mau otere ayenera kuyesedwa asanakhazikike mumtima, pakuti lamulo loletsa umboni wonama liteteza Msilamu monga momwe litetezera mbale wa mu Mpingo. Tsono tifunse mafunso awiri. Loyamba, kodi cangu cakupha cipezeka m'Cisilamu mokha, kapena cimera pakati pa onse atatu odzichula ana a Abrahamu, ndiwo Ayuda, Akristu ndi Asilamu? Laciwiri, kodi munthu wofatsa pa cipembedzo ndiye munthu wofunda, wosakhulupirira ndi mtima wonse?

Dzina limene manyuzipepala apatsa anthu a cangu cotere, lakuti fundamentalist, linabadwira m'Cikristu. Pakati pa 1910 ndi 1915 Aprotestanti a ku America anasindikiza mabuku 12 ochedwa The Fundamentals, ocinjiriza ziphunzitso zimene iwo anaziyesa maziko a cikhulupiriro, ndipo mu 1920 mkonzi wina wa Cibaptisti, Curtis Lee Laws, anacha otsata maziko amenewo ndi dzinalo. Nkhondo ya anthu aja inali ya colembera. Lero dzina lomwelo lipatsidwa kwa oponya mabomba. Cotero liu limodzi lasenza akatundu awiri, kugwiritsa maziko ndi kukakamiza anzako, ndipo nchito yathu ndiyo kuwamasula.

Tiyambe ndi Ayuda. M'caka ca 66 Azelote anautsa nkhondo pa Aroma. Wolemba mbiri Josephus asimba kuti m'kati mwa Yerusalemu magulu a cangu anapha Ayuda anzao ofuna mtendere, natenthanso nkhokwe za tirigu polimbana okhaokha, kufikira mzinda ndi Kacisi zinapasulidwa m'caka ca 70. Amene anasunga Ciyuda ndiye mphunzitsi Yohanan ben Zakkai, yemwe anaturuka mumzindawo nakayamba sukulu ya Cilamulo ku Yavneh. Koma mbeu ya Azelote sinatheretu. Mu 1994 Baruch Goldstein anaombera napha Asilamu 29 alikupemphera mumzikiti wa ku Hebron, ndipo mu November 1995 Yigal Amir, wophunzira Cilamulo, anapha nduna yaikuru ya Israel, Yitzhak Rabin, cifukwa ca pangano la mtendere ndi Apalestina.

M'Cisilamu nthenda imeneyi inaoneka msanga. Itatha nkhondo ya ku Siffin mu 657, gulu lochedwa Akharijiti linapatuka kwa Ali, mkamwini wa Muhammad, nkumaphunzitsa kuti Msilamu wocita chimo lalikuru wasanduka wosakhulupirira, ndipo mwazi wake ungakhetsedwe. Mu 661 mmodzi wa iwo anakantha Ali yemweyo mumzikiti wa ku Kufa. Aphunzitsi ambiri a Cisilamu anakana ciphunzitsoco, nati ciweruzo ca mtima wa munthu ndi ca Mulungu. Ndipo al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, analemba buku locenjeza awo ofulumira kucha mnzao wosakhulupirira. Magulu a m'nthawi yathu ayenda m'mapazi a Akharijiti. Mu November 2014 anthu oposa 100 anaphedwa pa mzikiti waukuru wa ku Kano m'dziko la Nigeria, ndipo mu November 2017 oposa 300 anaphedwa pa mzikiti wa al-Rawda ku Sinai. Akristu ambiri afa m'manja a magulu otere, ku Nigeria, ku Iraq ndi ku Cabo Delgado m'dziko la Mozambique kumene nkhondo inayamba mu 2017, ndipo mwazi wao sitiuiwala. Koma m'mizikiti ija akufawo anali Asilamu ogwada m'pemphero.

Nanga ife? Akuru anati anyani sasekana zikundu. Mu 1099 ankhondo a mtanda polowa m'Yerusalemu anapha Asilamu ndi Ayuda a mumzindamo. Mu 1553 Michael Servetus anatenthedwa ku Geneva, mzinda wa Calvin, cifukwa ca kukana ciphunzitso ca Utatu. Mu 1572 Aprotestanti zikwi zambiri anaphedwa ku Paris ndi m'mizinda yina ya France. Ngakhale kuno kwathu, mu 1925 Tomo Nyirenda, wodzicha Mwana Lesa, anasandutsa ubatizo ciyeso ca ufiti pakati pa Alala, namiza m'madzi anthu amene anawayesa mfiti, kufikira anapacikidwa mu 1926. Palibe Mpingo, wa Katolika kapena wa Ciprotestanti, umene ungawerenge zaka zimenezi ndi kuturutsa cifuwa.

Tikaika mbiri zitatuzi pamodzi tiona kuti wacangu wakupha adziwika ndi zizindikiro zomwezo kulikonse. Coyamba, akhala pa mpando woweruzira umene uli wa Mulungu yekha, nalekanitsa yekha opulumuka ndi otayika. Caciwiri, mkwiyo wake ugwera kawirikawiri a m'nyumba yake: Mzelote anapha Myuda, Mkharijiti anapha Ali, Mkristu anatentha Mkristu. Cacitatu, afuna zotuta lero lomwe, osayembekeza tsiku la Mwini munda. M'fanizo la namsongole, m'buku la Mateyu mutu 13, anyamata ofuna kuzula msanga analetsedwa, kuopa kuti angazule ndi tirigu yemwe.

Sitinena kuti zipembedzo zitatuzi zilingana m'zonse. Muhammad atasamukira ku Medina mu 622 anakhala mtsogoleri wa cipembedzo ndi wa dziko pamodzi, woweruza milandu ndi wotsogolera nkhondo. Cifukwa cake m'Cisilamu lamulo la Mulungu ndi lamulo la boma zinakulira pamodzi, ndipo kuzilekanitsa ndi nchito yobvuta. Ku Sudan mphunzitsi Mahmoud Mohammed Taha anapacikidwa mu 1985 pa mlandu wa kutaya cipembedzo, ndipo lamulo lotere linafafanizidwa m'dzikolo mu 2020. Mpingo unakhala pafupifupi zaka 300 wopanda lupanga, ndipo Ambuye wake anafa osadzicinjiriza. Koma onani cimene cinacitika: Constantine anapatsa Akristu ufulu mu 313, Theodosius anayesa Cikristu cipembedzo ca ufumu mu 380, ndipo zaka zowerengeka zitapita, bishopu Priscillian anadulidwa mutu ku Trier, ataimbidwa mlandu ndi mabishopu anzake. Ayuda anakhala opanda dziko lao kufikira 1948, ndipo mafunso a mphamvu awapeza tsopano. Cotero ciyeso ca cipembedzo ciriconse cifika tsiku limene lupanga lilowa m'dzanja lake. Ife Akristu tiri ndi cowiringula cocepa koposa, popeza pamene Yakobo ndi Yohane anafuna kuitana moto pa mudzi wa Asamariya, Yesu anawadzudzula.

Tifike ku funso laciwiri. Ena aopa liu lakuti kufatsa, nayesa kuti litanthauza kucepetsa coonadi kuti anthu onse akondwere. Taonani anthu ofatsa a m'mbiri ngati anali ofunda. Mu 1219, nkhondo ya mtanda iri mkati, Francis wa ku Assisi anaoloka wopanda cida kukalalikira kwa Sultan al-Kamil pafupi ndi Damietta, ndipo mfumuyo inamlandira ndi ulemu nkumbweza wamoyo. Mu 1860, pamene Akristu a ku Damascus analikuphedwa, Abd el-Kader, Msilamu wa ku Algeria wodziwa Korani, anabisa ambiri a iwo m'nyumba yake nawacinjiriza ndi anthu ake. Mu December 2015, zigawenga za al-Shabaab zitaimitsa basi kufupi ndi Mandera ku Kenya, Asilamu a m'basimo anakana kupatulidwa kwa Akristu, ndipo mphunzitsi Salah Farah anaomberedwa, namwalira mwezi wotsatira. Anthu awa anagwiritsa cikhulupiriro cao kufikira kuika moyo pangozi. Ndipo onse anali ndi pothawira m'ciphunzitso cao: Korani m'cigawo cake caciwiri iletsa kukakamiza munthu pa cipembedzo, ndipo Maimonides, mphunzitsi wa Ayuda amene anamwalira ku Egypt mu 1204, anaphunzitsa njira ya pakati m'makhalidwe a munthu.

Malire a cangu tsono ndi awa: munthu aumitse mtima pa iye yekha monga afuna, asale kudya, apemphere usiku, alalikire poyera, afere cimene akhulupirira, koma pa mnzake dzanja lake lilekeze pa kuitana ndi kucenjeza. Cikhulupiriro cokakamiza ciri ngati kukoka cimanga kuti cikule msanga, wokokayo atsala ndi phesi m'manja. Mlaliki wokhulupirira kuti Mzimu Woyera ndiye atembenuza mitima alibe cosowa ca mkwapulo, ndipo amene atola mkwapulo aulula kuti akayika mphamvu ya Mulungu amene amlalikira.

Zambia inalengezedwa dziko la Cikristu mu December 1991, ndipo Asilamu pakati pathu ndi ocepa. Cifukwa cake ciyeso cija ca mphamvu ciri pa ife. Msilamu wa ku Chipata kapena ku Lusaka alibe mlandu wa ku Kano, monga ifenso sitifuna kusenzetsedwa mlandu wa Tomo Nyirenda. Timuuze za Kristu momveka, pakuti kubisa Uthenga si ulemu. Timvenso yankho lake modekha, popeza kuona maso a nkhono nkudekha. Akakana, akhalabe mnansi wathu wa pa citsime ndi pa maliro. M'caka cimene tilowaci mkulu wa Mpingo aliyense acere khutu ku zolankhulidwa pa guwa ndi m'misonkhano ya acinyamata, ndipo akamva mtundu wonse wa anthu ulikuchedwa akupha, aimirire nakonze mauwo pomwepo.