Kupepesa Mtsinje wa Namitete

Woyenda pa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji, kapena wokhotera ku Nsaru ndi ku Kabudula, amaona minda yokhayokha: chimanga, fodya, mtedza ndi soya mpaka polekezera maso. Koma apo ndi apo pali kankhalango kowirira ka mitengo yachilengedwe, mitengo yomwe kwina konse inatha kalekale. Amenewo ndi manda. Munthu amene wagwetsa ngakhale mango a pakhomo kuti awotchere njerwa akafika m'malire mwa msituwo amabweza nkhwangwa. Palibe mpanda kapena mlonda. Chomwe chilipo ndi makolo ogona m'menemo, mfumu yoyang'anira, ndipo m'midzi yambiri dambwe.

Tsono tsikirani ku mtsinje wa Namitete m'mwezi wa Okutobala. Madzi atsala m'maiwe, ndere zili yakatayakata. Majumbo akoledwa m'mabango, matewera otayidwa afufuma pamchenga. Mnyamata wochokera kudimba la tomato akutsukuluza sipuleya, madzi otuwawo n'kuwakhuthulira m'dziwe momwemo. Chakumunsi pang'ono mayi wafukula kachitsime mumchenga, akutunga ndi chikho pang'onopang'ono kuti asavundule matope. Madzi amenewo akaphikira nsima. Mukawafunsa onse awiri yankho lawo ndi limodzi, lakuti mvula ikabwera zonsezi zipita.

Anthu ake ndi omwewo, oopa kuthyola nthambi kumanda. Nanga mtsinje unawalakwira chiyani?

Makolo athu sankaona madzi ngati chinthu chopanda mwini. Kummwera kwa dera lino, m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama, kuli Kaphirintiwa komwe Achewa amati Chauta anatsitsirako anthu ndi nyama pamodzi ndi mvula yoyamba. Kufupi ndi kumeneko kuli Msinja, kachisi wa Makewana, mayi wa ana onse, amene sankameta tsitsi poopa kudula mvula. Pa Msinja panali dziwe lopatulika lotchedwa Malawi, ndipo m'maiwe otere ndi momwe ankati mumakhala Thunga, njoka ya mizimu. Tsang'oma akaimba ng'oma ya mbiriwiri anthu ankadziwa kuti nthawi ya nsembe yakwana. Angoni anasakaza Msinja cha m'ma 1870, kenaka kunabwera amishoni, mijigo ndi feteleza, ndipo maiwe anasanduka malo ongotungapo ndi kutayapo.

Chomwe chimandigwira mtima pa nsembe zakalezo ndi ndondomeko yake. Mvula ikakana, akuluakulu sankathamangira kupempha. Ankayamba akhala pansi n'kufunsana kuti talakwa chiyani. Cholakwa chinkatchulidwa poyera, wolakwa ankaulula. Mudzi wonse unkadika, amuna ndi akazi kugona padera. Pakachisi ankalambula, n'kuzula udzu ndi kusesa. Zonsezi zikatha m'pamene ankathira ufa ndi mowa, akuwomba m'manja, kupepesa. Munthu sankayerekeza kuthira nsembe mlandu uli chikhalire.

Ife lero sitinasiye kupita kumtsinje ndi mitima yolemedwa. Mipingo ina imabatizira momwemo, m'busa ali m'madzi ofika m'chiuno. Wovutika ndi minyama amauzidwa ndi sing'anga kuti akasambe kumtsinje mbandakucha, madzi atenge tsoka lake, ndipo pobwerera asacheuke. Sindinyoza zimenezi, pakuti munthu wosweka mtima amafunadi pokatula katundu wake. Koma kusacheukako takutengera pa chilichonse. Timataya thewera, botolo la mankhwala a mbozi, galu wakufa, n'kutembenuka msangamsanga ngati kuti kumunsi kwa mtsinje kulibe anthu.

Anthu aliko. Namitete amathira mu Bua, ndipo Bua amadutsa m'malire mwa Kasungu, n'kulowa m'nkhalango yosungiramo nyama ya Nkhotakota, komwe mpasa zimakwera kuchokera kunyanja kukaswana. M'njira yonseyo muli amayi otunga, ana osambira, ng'ombe zakumwa. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo matendawa amayenda m'madzi amene munthu wina waipitsa kumtunda.

Wina anena kuti ufa wa nsembe supha tizilombo ta kolera. Akunena zoona. Kumafunika zimbudzi, mijigo yogwira ntchito ndi kolorini m'ndowa. Malamulonso tili nawo. Lamulo loyang'anira madzi linakhazikitsidwa mu 2013. Majumbo opyapyala analetsedwa mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, komabe pa msika wa Nsaru kapena Mpingu tomato wa mulu umodzi amakulungidwa m'jumbo lomwelo. Lamulo lolembedwa ku Lilongwe silifika padimba dzuwa likamalowa, pamene mnyamata ali yekha ndi sipuleya yake. Chimene chingamugwire dzanja nthawi imeneyo ndi chomwe chimagwira dzanja la wodula mitengo pafupi ndi manda: kudziwa mumtima kuti malowa ali ndi eni ake, amoyo ndi akufa omwe.

N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti mtsinje uyenera kupepesedwa, ndipo sizitengera kuti munthu amapemphera kuti. Akatolika a ku Namitete ndi ku Nambuma ali ndi kalata ya Papa Francis ya 2015, Laudato si', yomwe imati kuwononga chilengedwe ndi tchimo. Asilamu sapemphera asanasambe madzi oyera. Akudambwe amadziwa kusunga malo kuposa aliyense. Aliyense abwere ndi pemphero lake, koma ndondomeko ikhale ya makolo ija. Nyakwawa iitane mudzi kudooko, cholakwa chitchulidwe ndi dzina lake, anthu alowe m'madzi ndi manja awo kuvuula majumbo ndi matewera. Mvula ikagwa, m'nyengo yobzala mitengo yomwe imayamba pa 15 Disembala, akabzale mikuyu, katope ndi nsungwi m'magombe ogumukawo.

Povuta ndi pa kudika. Kudika kwa lero ndi kusiya mizere ya dimba yoyandikana ndi madzi kuti bango libwerere, ndipo mizere imeneyo ndiyo imadyetsa banja m'miyezi ya njala ndi kulipirira mwana sukulu. Sitingauze mayi wamasiye kuti apereke yekha nsembe ya mudzi wonse. Pamsonkhano wa kudooko uja payeneranso kukhala mfumu imene imalandira ndalama kwa eni malole a mchenga, owumba njerwa m'dambo, ndi ife a m'tauni amene timamangira nyumba njerwazo ndi kudya tomatoyo. Ngati mayiyo asiye mizere yake, mudzi umupezere malo ena olimapo, ndipo nkhani imeneyo ithe mowa wa nsembe usanafululidwe.