Kodi Wovala Chigoba Angaseke Aliyense?

Lamulungu pa 11 February 2018 ndinaima pabwalo la Vrijthof mumzinda wa Maastricht, kummwera kwa dziko la Netherlands, zala zitauma gwa ndi chisanu. Ine wobadwira kwa Mbenje ku Nsanje, kumene dzuwa la mu October limachita kuswa mtengo, ndinali nditavala majekete awiri. Nthawi itangopitirira 12 koloko masana mzinga unalira ka 11, ndipo chidole chachikulu cha mayi wogulitsa ndiwo zamasamba, chotchedwa Mooswief, chinakwezedwa pamlongoti. Chikondwerero cha Carnaval chinali chitayamba.

Mwambowu ndi wa zigawo za Limburg ndi Noord-Brabant, kumene Chikatolika chinazika mizu kalekale. Umachitika masiku atatu otsatizana Lenti isanayambe, ndipo umatha usiku woti mawa lake ndi Lachitatu la Phulusa. Meya amapereka kiyi wa mzinda kwa munthu amene wasankhidwa kukhala kalonga wa Carnaval, kusonyeza kuti ulamuliro wayamba wapuma. Mizinda ina imasintha ndi mayina omwe: 's-Hertogenbosch imasanduka Oeteldonk, Eindhoven n'kukhala Lampegat. Aphunzitsi, madokotala ndi amabanki amadzipaka utoto kumaso, kuvala zigoba ndi nsalu zamawangamawanga, n'kumatsatira magulu oimba malipenga. Pamdipiti wawo andale ndi akuluakulu ena amasekedwa poyera, wopanda womangidwa.

Ndinasangalala nazo kwa maola angapo mpaka pamene panatulukira bambo wina. Anali atadzipaka utoto wakuda nkhope yonse, milomo atayifiiritsa, m'chiuno atamanga udzu, m'tsitsi atasomeka fupa. Atandiona anakondwa ngati waona mbale wake. Anandikumbatira, fungo la mowa lili guu, n'kupempha kuti tijambulitse limodzi. Ndinamwetulira, ndinapukusa mutu, n'kudzipatula. Mumtima munali mukuwira koma pakamwa sipanatuluke mawu.

Madzulo ake ndinafotokozera mayi wachikulire amene ndinkachita lendi m'nyumba mwake. Iwo anandiyankha mofatsa kuti pa Carnaval aliyense amasekedwa, ansembe ndi mfumu yomwe, ndipo bamboyo sanaganize zoipa. Ndinagona ndi mawu amenewo, ndipo m'malo mwa tulo kunabwera chikumbukiro chomwe sindinachiyembekezere.

Ndili mwana ndinapita ndi agogo kumaliro kwa abale athu ku Chikwawa. Kwathu tinazolowera valimba ndi utse, choncho gule wamkulu ndinamuonera kumeneko koyamba, nditabisala kumbuyo kwa chitenje cha agogo. Pakati pa zilombo zimene zinatuluka panali Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, akuyenda modzikweza ndi kuloza anthu chala. Bwalo lonse linafa ndi phwete, ine ndemwe. Tsono funso linandigwira pakhosi: ngati ine ndinaseka nkhope yofiira ija, ndikwiyiranji ndi nkhope yakuda iyi? Kodi si zija amati anyani amasekana zikundu?

Funsoli si lachilendo kwa anthu a madera awiriwa. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort, anabadwa mu 1928 ku Limburg komweko ndipo anafika ku Malawi mu 1955 n'kukagwira ntchito kuchigwa cha Shire. Iwo anaonerera miyambo ya Amang'anja ngati mlendo, monga momwe ine ndinkaonerera ya kwawo. Pomwe amishoni ambiri ankaona nyau ngati mdani wofunika kumugonjetsa, iwo anakhala pansi n'kumafunsa. Anafufuza za Mbona wa ku Khulubvi n'kulemba buku la River of Blood lomwe linatuluka mu 1992, ndipo pamodzi ndi Ian Linden analemba za mmene nyau zinalimbanirana ndi mishoni za Chikatolika m'nthawi ya atsamunda. Anamwalira mu 2011 ku Maastricht, mzinda umene ndinaimamo tsiku lija. Phunziro loyamba limene ndinatola kwa iwo ndi lakuti mlendo asathamangire kuweruza gule asanamve ng'oma yake.

Komabe kumvetsa chinthu sikutanthauza kuchivomereza. Nditaganiza mozama ndinapeza kuti nkhope ziwirizi zikusiyana. Simoni anabadwa m'nthawi imene mzungu ankatolera msonkho wa nyumba, kulembetsa anthu thangata ndi kuletsa magule. Munthu wakumudzi sakanamuyankha bwanamkubwa maso ndi maso. Bwalo la gule linali malo amodzi mwa ochepa kumene wofooka akanatha kuseka wamphamvu n'kugona kunyumba kwake. Carnaval nayenso mtima wake ndi womwewo, n'chifukwa chake meya amatula kiyi. Koma bambo uja sanaseke meya kapena nduna. Anaseka anthu amene makolo awo ankagulitsidwa ngati mbuzi, malonda amene dziko lake linachita nawo mpaka mfumu Willem-Alexander inapepesa pa 1 July 2023. Chigoba chake chinaloza pansi, pomwe mwambo wa kwawo womwewo umati chiloze m'mwamba.

Anzathu oyandikana nawo a ku Belgium anakumana ndi funso lomweli. Mu 2019, pa Carnaval ya mzinda wa Aalst panadutsa ngolo yonyamula zidole zonyoza Ayuda. Eni mwambo anati nthabwala ilibe malire, koma mu December chaka chomwecho bungwe la UNESCO linachotsa chikondwererocho pamndandanda wa miyambo yofunika ya padziko. Gule wamkulu ali pamndandanda womwewo kuyambira 2008, ndipo apa m'pamene chala chimabwerera kwa ife.

Ndikanama nditati kwathu chigoba chimaloza m'mwamba nthawi zonse. Tamvapo za zilombo zothamangitsa ana asukulu, zotseka msewu ndi kulanda ndalama kwa apaulendo, zokwapula munthu chifukwa choti sanamete. Mafumu ndi akuluakulu a dambwe akhala akudzudzula zimenezi, chifukwa akudziwa kuti gule amene waopseza mwana wataya ulemu wake. Ngakhale kunja kwa bwalo la gule, ife Asena tikudziwa mmene nthabwala za m'tauni zonena za kalankhulidwe kathu zimawawira, onena akuti akungocheza. Muyeso umene ndamuyezera bambo wa ku Maastricht uyenera kutikwana tonse: woseka adzifunse ngati amene akumusekayo ali ndi mphamvu zobwezera nthabwalayo. Ngati alibe, imeneyo si nthabwala koma chipongwe.

Chimene chimandivutabe ndi kumwetulira kwanga kuja. Tinaleredwa kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, choncho kwa eni sukweza mawu. Ulemu umenewu ndi wabwino, koma tsiku lija unandisandutsa mboni yabodza. Bambo uja anapita kwawo akukhulupirira kuti ngakhale munthu wakuda anasangalala naye. Akuluakulu omwewo anatinso mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kanga ndinakabisa m'thumba, pomwe mawu awiri onenedwa mwaulemu akanamuthandiza kuona zimene anzake onse pabwalopo sakanamuonetsa.

Lachitatu la Phulusa ndinapita kutchalitchi. Anthu amene dzulo lake anali mafumu, zimbalangondo ndi ansembe abodza anafola mwakachetechete, nkhope zitasambidwa, kudikira phulusa pamphumi. Ndinayang'ana pamzerewo ngati ndingamuzindikire bambo uja, koma sindinathe. Utoto wake unali utapita ndi sopo. Ine ndinafola ndi nkhope yomweyo imene ndinabwera nayo kuchokera kwa Mbenje.